Chitsulo chosungunukira m'fupa: kodi akabaza a pa Muloza achiyembekezere?

Munthu amene anaikidwa chitsulo m'mwendo salandira moni wamba kuno ku Muloza. Akangoyankha kuti "ndili bwino, kaya inu", mafunso amayamba. Kodi kukazizira chimawawa? Nanga kukamachita ziphaliwali mumabisala kuti? Kenako limabwera funso lomwe ngakhale mwini mwendoyo limamusowetsa tulo: ndiye adzachichotsa liti?

La ziphaliwali tithane nalo pompano: mphezi siisaka munthu chifukwa cha kachitsulo kobisika m'kati mwa mnofu. La kuzizira, alipo ndithu amene amadandaula chiperoni chikakuta phiri mu June ndi July, ndipo sindingawatsutse pa mwendo wawo womwe. Koma sabata ino ndikufuna tikhale pa funso lachitatulo, chifukwa kumayiko ena layamba kuyankhidwa mwachilendo. Kuli tibawuti tomangira mafupa, tija amakanika amati ma-screw, timene dokotala sabwereranso kukatichotsa. Timagwira fupa mpaka litalumikizana, kenako timadyeka pang'onopang'ono mpaka kutheratu, ngati ulusi uja amasokera bala kuchipatala n'kukuuzani kuti musavutike kubwera, usungunuka wokha. Tibawutito ndi ta chitsulo chotchedwa magnesium, chosakaniza ndi tizitsulo tina.

Nkhani zotere zikamafika pa foni zimabwera ndi kavidiyo kakafupi, nyimbo yokoma pansi, ndi mawu oti zachipatala zasinthiratu. Ife tiione tili pansi pano pa boda, pomwe njinga zamoto zimachuluka kuposa mabedi a chipatala.

Magnesium si mlendo kwa ife. Amene munafikako mu labu ya ku sekondale mukukumbukira kachingwe kotuwa kaja aphunzitsi ankakayatsa, n'kuwala koti mbee mpaka kuthobwa m'maso, n'kusiya phulusa loyera. Ndi yemweyo. Mayi woyembekezera BP ikakwera mpaka kuopseza kukomoka, jakisoni amene anamwino amathamangira ndi magnesium sulphate. Mankhwala ena a chilungulira ndi magnesium trisilicate. Ngakhale tiyi amene timadutsa popita ku Mulanje boma, pakatikati pa kanthu kamene kamabiriwitsa tsamba lake pamakhala magnesium. M'thupi la munthu wamkulu muli magalamu pafupifupi 25, ndipo oposa theka ali m'mafupa momwemo. Tsiku lililonse timafunika mamiligalamu 300 mpaka 400, omwe timawapeza mu nyemba, nandolo, mtedza, masamba ndi mgaiwa. Otsala impso zimawataya ndi mkodzo. Ndiye kabawuti ka magnesium kakamadyeka m'fupa, thupi silidabwa. Limadziwa kale kopita nazo.

N'chifukwa chiyani kusachotsa chitsulo kuli nkhani yaikulu chonchi? Chifukwa kuchotsa ndi opaleshoni ina yathunthu. Akugonekaninso kapena kukubayani pamsana, kung'ambanso pa chipsera chomwe chija, kusokanso, ndipo bala latsopano ndi khomo latsopano la tizilombo. Kwa munthu wa ku Ulaya limeneli ndi vuto la masiku angapo osapita ku ntchito. Kwa wa ku Muloza ndi ulendo. Ku Mulanje boma ndi makilomita pafupifupi 30, ku Blantyre pafupifupi 100, ndipo munthu sapita yekha: pamafunika gadiyani, ufa, ndiwo, makala, ndi wina wotsala ndi ana pakhomo. Ngati ndinu wakabaza wa njinga ya eni, bwana sadikira. Mukabwerako mupeza kiyi ali m'manja mwa wina.

Msuweni wanga wina anaikidwa tibawuti tiwiri pa akakolo atavulala pa mpira. Fupa linagwira bwino, koma kamodzi kanayamba kumubaya akavala nsapato, ndiye anamulembera tsiku loti akachotse pa chipatala china chachikulu. Anapita kawiri, ndipo kawiri konse anabwera nako, chifukwa usiku wake kunafika anthu a ngozi ya pamsewu ndipo fiyeta inadzaza. Inunso mutakhala dokotala, pakati pa kabawuti kobaya mu nsapato ndi mwendo wongothyoka kumene, mungayambe ndi uti? Madokotala a mafupa m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, moti anthu ambiri othyoka amathandizidwa ndi ma Orthopaedic Clinical Officer, omwe maphunziro awo anayambitsidwa mu 1985 ndi dokotala wa ku Canada, Ed Blair. Ola lililonse la mu fiyeta limene lapita pochotsa chitsulo lalandidwa kwa munthu wina amene ali pa mzere.

Apa ndinene chinthu chimene ambiri sadziwa: si chitsulo chilichonse chofunika kuchotsa. Kwa munthu wamkulu, ngati sichikuwawa, sichikutulutsa mafinya ndipo sichikubaya khungu, madokotala ambiri amachisiya momwemo. Titanium ndi chitsulo chosachita dzimbiri zimatha kukhala m'thupi zaka makumimakumi. Zochotsa kawirikawiri ndi zomwe zikuvutitsa, zomwe zili pafupi ndi khungu, ndi za ana amene mafupa awo akukulabe.

Palinso chifukwa china, chobisika, chimene akatswiri amakondera magnesium. Fupa lili ngati mnofu: likamasenza katundu limalimba, likapumitsidwa limafooka. Chitsulo chouma kwambiri chikamangidwa pambali pake chimalanda ntchito yonse, fupa la pansi pake n'kuyamba kuonda. Pa muyeso umene amayezera kusapindika kwa zinthu, chitsulo chosachita dzimbiri chili pa 200, titanium pa 110, magnesium pa 45, pamene fupa la munthu limathera cha m'ma 20. Magnesium ndiye ali pafupi, choncho amagawana ntchito ndi fupa, ndipo akamatha amakhala akulibwezera katundu wake pang'onopang'ono. Kulemera nakonso n'chimodzimodzi: chidutswa cha magnesium chimalemera pafupifupi ngati fupa la msinkhu womwewo, pamene cha chitsulo chosachita dzimbiri chimalemera kanayi ndi kupitirira.

Musaganize kuti nzeru imeneyi yabwera ndi intaneti. Mu 1878 dokotala wina wa ku America, Edward Huse, anali atayamba kale kumanga mitsempha yotaya magazi ndi waya wa magnesium. Koma nkhani imene ine imandigwira mtima ndi ya Albin Lambotte wa ku Belgium, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa luso lomanga mafupa ndi zitsulo. Cha m'ma 1906 anamanga msongolo wa wachinyamata wa zaka 17 ndi kachitsulo kathyathyathya ka magnesium, kaja madokotala amati plate, n'kukakhomerera ndi tibawuti ta chitsulo wamba. Posakhalitsa mwendo unatupa, pansi pa khungu panadzaza mpweya, wodwala ali ndi ululu. Patangotha masiku 8 anatsegulanso, n'kupeza magnesium atadyeka mpaka kusanduka zidutswazidutswa.

Chinachitika n'chiyani? Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi a mchere zimapanga batire, ndipo chimodzi mwa ziwirizo chimadyeka mofulumira kwambiri. Madzi a m'thupi mwathu ndi a mchere. Lawani thukuta lanu ngati mukukayika. Lambotte, mosadziwa, anatsekera batire m'mwendo wa mwana wa eni. Komanso magnesium akamadyeka m'madzi amatulutsa mpweya wa hydrogen, pafupifupi lita imodzi pa galamu iliyonse. Ukamatuluka pang'onopang'ono thupi limaumwa n'kuuchotsa popanda vuto. Ukatuluka mothamanga umaunjikana ngati chibaluni pansi pa khungu. Lambotte ndi womuthandiza wake, Jean Verbrugge, anapitiriza kuyesa, tsopano osaphatikizanso ndi chitsulo china, ndipo zina zinayenda bwino pa ana othyoka pa chigongono. Komabe chitsulo chosachita dzimbiri chitafika m'zipatala m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, ambiri anaona kuti palibe chifukwa cholimbana ndi chitsulo chotulutsa mpweya. Magnesium anaiwalika kwa zaka zambiri.

Chimene chamubweza ndi luso loyeretsa ndi kusakaniza zitsulo. Zinadziwika kuti tizinyalala tochepa kwambiri ta iron, nickel ndi kopa m'kati mwa magnesium ndi timene timafulumizitsa kudyeka, chifukwa kalikonse kamakhala ngati kabatire kakekake. Kuchotsa timeneto, n'kuthira pang'ono zinc, calcium, zirconium kapena yttrium, kumachedwetsa kudyeka ndi kuwonjezera kulimba. Mu 2005 Frank Witte ndi anzake ku Hannover, m'dziko la Germany, anasindikiza zomwe anapeza ataika timisomali ta magnesium wosakaniza m'mafupa a mbira, mbira zomwezi ena timaweta kukhitchini. Fupa latsopano linamera lochuluka mozungulira timisomalito kuposa mozungulira ta pulasitiki wosungunuka tomwe ankayerekezera nato. Apa m'pamene anthu anatsegula maso.

Mu 2013 kabawuti kotchedwa MAGNEZIX, ka kampani ya Syntellix ya ku Hannover komweko, kanaloledwa kugwiritsidwa ntchito ku Ulaya. South Korea inavomereza kake ka magnesium, calcium ndi zinc mu 2015. Mu 2016 kampani ya Biotronik inaloledwa kugulitsa Magmaris, kawaya kolukana ngati kadengu kotsegulira mtsempha wa mtima umene watsekeka, komwe pakatha chaka kamakhala katatsala pang'ono kutheratu. Ku America, bungwe la FDA linavomereza kabawuti ka RemeOs, ka kampani ya Bioretec ya ku Finland, mu March 2023, mwezi womwe uja ife kuno Freddy anali kutigwetsera matope ndi miyala kuchokera m'phiri. Luso lonse lagona pa nthawi: fupa laling'ono limalumikizana m'masabata 6 mpaka 12, ndiye kabawuti kayenera kukhala ndi mphamvu nthawi yonseyo, pamene kutheratu kwake kumatenga chaka, ziwiri kapena zitatu.

Ndipatuke pang'ono. Zina mwa zitsulo zomwe amathira mu MAGNEZIX ndi za gulu lija amati rare earths, lomwe kampani ya Mkango Resources yakhala ikufufuza ku Songwe Hill kwa anansi athu a ku Phalombe, ndi ya Lindian ku Kangankunde ku Balaka. Mwina tsiku lina tidzagula ndi madola kabawuti kokhala ndi dothi la kwathu lomwe, ndipo tidzaomba m'manja pothokoza.

Tsopano bwererani pa tibawuti tija muone mafupa amene akukambidwa. Kafukufuku amene anatsegulira MAGNEZIX njira anali wa anthu ochepa, ndipo anali wa opaleshoni yowongola chala chachikulu cha kuphazi chikakhota. RemeOs analoledwa pa akakolo. Kwina ndi m'dzanja, m'phazi, pa chigongono, ndi tizidutswa ta fupa tobenthuka polumikizira. Tsono pitani pa siteji ya kabaza pa Muloza kapena ku msika wa Limbuli mukafunse kuti njinga yamoto ikawombana ndi galimoto, kapena ikaterereka itanyamula matumba atatu a chimanga ochokera ku Milange, chimathyoka n'chiyani. Akuuzani kuti ndi msongolo ndi ntchafu.

Fupa la ntchafu ndi lalikulu kuposa onse m'thupi. Munthu akamayenda limasenza mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake, ndipo likathyoka limatenga miyezi 3, 4 kapena kuposa kuti ligwire. Magnesium amayamba kuchepa mphamvu kuyambira tsiku limene walowa m'thupi, ndipo ngakhale asanayambe kudyeka safika pa kulimba kwa titanium. Kuti apirire pangafunike msomali wonenepa, koma magnesium wambiri ndiye mpweya wambirinso. N'chifukwa chake zitsulo zikuluzikulu za magnesium zikadali pa kafukufuku, zambiri zikuyesedwa pa nkhosa ndi nkhumba. Munthu wothyoka ntchafu lero, kaya ndi wa ku Muloza kaya wa ku Berlin, chimene angamuike ndi chitsulo chosasungunuka.

Ndipo kwathu kuno mwayi ndi kuchipeza chitsulo chosasungunukacho. M'zipatala zambiri za m'maboma, munthu wamkulu wothyoka ntchafu amagonekedwa pa bedi, kachitsulo kataboola fupa pansi pa bondo, chingwe chitamangidwa, cholemera chikulendewera kumapazi kwa bedi kuti chizikoka mwendo. Masabata 6 kapena kuposa, osadzuka, gadiyani akugona pansi. Njira ina ndi msomali wautali wolowetsa m'kati mwa fupa, momwe mumakhala mafuta. Wodziwika kuno ndi wa SIGN, bungwe limene linayambitsidwa mu 1999 ndi dokotala wa ku America, Lewis Zirkle. Ndi wa chitsulo chosachita dzimbiri, unapangidwa dala kuti uziikidwa ngakhale mu fiyeta yopanda makina oonera m'kati opaleshoni ili mkati, ndipo bungwelo limaupereka mwaulere ku zipatala ngati Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Dr Linda Chokotho ndi anzake anatsatira odwala 187 m'dziko muno, ena a msomali, ena okokedwa pa bedi, n'kusindikiza zotsatira mu 2020: a msomali ndi amene anayamba msanga kuyenda ndi kudzithandiza okha. Atawerengetsa ndalama anapezanso kuti msomali ndiwo wotchipa, chifukwa bedi la masabata 6 limadya zambiri kuposa opaleshoni ya tsiku limodzi.

Ndiye maganizo anga ndi awa. A ku Capital Hill atandifunsa kuti kwacha yotsatira ya mafupa ipite kuti, sindingatchule magnesium. Ndingati misomali ya ntchafu, ma-plate, magazi, mankhwala ogonetsa, magetsi osazima mu fiyeta, ndi anthu odziwa kuika zitsulozo m'zipatala za pafupi ndi ife. Lilongwe inalandira chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION mu 2023, Blantyre ili ndi Beit CURE ya ana kuyambira 2002, koma kwa wa kuno ku boda zonsezi ndi ulendo. Ngakhale mwana wogwa mu mtengo wa mango mu December, amene mungaganize kuti ndiye woyamba kupindula, chigongono chake amachigwira ndi timawaya totchipa timene amangotizula pakatha masabata 3 kapena 4, nthawi zambiri osalowanso mu fiyeta. Pamene magnesium angatipulumutsedi ndi pa akakolo, phazi ndi dzanja, pomwe kabawuti kamakhala pafupi ndi khungu ndipo ulendo wachiwiri umachitikachitika. Pakadali pano kabawuti kake n'kodula kuposa ka titanium. Mtengo ukadzatsika, ndidzakhala woyamba kukuwa kuti bweretsani.

Zisanafike zimenezo, pali ntchito imene foni yanuyo ingagwire kuposa kuonera mavidiyo. M'bale wanu akaikidwa chitsulo, funsani adokotala mwaulemu koma mosaopa: ndi cha mtundu wanji, ndi chodzachotsa kapena chokhalitsa, ndipo ayambe liti kuponda. Jambulani X-ray ndi tsamba la m'buku la kuchipatala pomwe alemba za opaleshoniyo. Mabuku aja amanyowa, amang'ambika, madzi osefukira amawatenga. Pa bala pakayamba kutentha, kutupa kapena kutuluka madzi, ngakhale patapita chaka, bwererani kuchipatala, musatemerepo mphini. Ndipo wina asakunamizeni kuti ali ndi mankhwala, kaya a zitsamba kaya a m'botolo lokongola, osungunula chitsulo m'thupi. Titanium sasungunuka ndi chakumwa. Mapiritsi a magnesium amene amatsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook nawonso salumikiza fupa lothyoka, ndipo munthu wodwala impso akhoza kumuvulaza. Pa chifukwa chomwecho opanga tibawuti ta magnesium amachenjeza za odwala impso, poti impsozo ndi zimene zimayenera kutaya zotsala.

Funso la mtundu wa chitsulo n'lofunika kwambiri kwa abale athu a kunja, a ku Joni ndi kwina kutali, amene amavulala kumeneko n'kudzapolera kumudzi. Ngati anakuikani kabawuti kosungunuka, pepala lake likhale mu foni ndipo muzilionetsa musanajambulidwe. Pa X-ray magnesium saoneka woyera ngati zitsulo zomwe tinazolowera, ndipo m'miyezi yoyambirira mozungulira pake pamatha kuoneka mdima wa mpweya uja, womwe umatha wokha. Clinical officer amene sanauzidwe akhoza kuganiza kuti ndi mafinya kapena kuti kabawuti kakhwefuka, n'kuyamba kukonza zotsegula fupa lomwe likupola bwinobwino.